Tsache la Tiyese

Lamulo limati phazi la munthu lisapondenso dothi la m'nkhalango ya kuphiri. Banja lililonse limalowamo kamodzi pachaka, pa njinga yamoto ya matayala anayi, osatsika. Koma Tiyese, mwana wa Nachisale, anagona komweko, m'manda.

Ulendo uli mawa, mwamuna wa Nachisale anamangirira tsache kunsungwi yaitali.

"Takwerani panjingapo muyeserere kusesa, mayi a Tiyese. Ndidzaimika pafupi ndi mtumbira."

Nachisale anakwera, nasesa bwalo. Tsache linafika pansi bwinobwino.

"Nanga kugwada, bambo a Tiyese? Mwana wanga ndikamulonjere ndili pamwamba ngati bwana?"

Bamboyo anatapa dothi la pakhonde m'beseni, nalimangirira kumbuyo kwa njinga.

"Mukagwada umu. Dothi ili Tiyese akulidziwa, ndi pomwe ankakwawa."