Galasi la Ofesi Yatsopano

"Tiime apa, palibe angatione," anatero a Josiah, mkulu wa mpingo wa Adiventi, akumukokera Foster, dalaivala wa esiteti, kuseri kwa ofesi yatsopano.

Khoma lonse linali galasi limodzi lamakono, kuyambira pansi mpaka kudenga, lowala ngati kalilole. Ankangoonamo nkhope zawo ndi minda ya tiyi.

"Sabata lapitali munalalikira kuti tiyi ndi poizoni," Foster anaseka akutsegula fulasiki.

"Thira iwe. Kuzizira kwa ku Thyolo sikufunsa mpingo."

Anagugudiza makapu awiri, napukuta milomo, nakonza tayi pagalasipo. Kenako analowa mumsonkhano wa ogwira ntchito.

Atangolowa, anatembenukira kukhoma lija. Mkatimo galasi lija linkaonetsa zonse zakunja, ngakhale fulasiki ya Foster pa kapinga. Mipando yonse inali itayang'ana komweko. Kutsogolo kunakhala amayi asanu a mumpingo mwawo, pakati pawo Tabita, yemwe a Josiah anamudzudzulapo pagulu chifukwa cha kapu imodzi yokha ya tiyi.

Palibe anaseka. Tabita anadzagwada mwaulemu ndi thireyi pamaso pa a Josiah.

"A Eluda, enawa ndawathirira tiyi. Inu ndakusungirani madzi otentha, monga mwa nthawi zonse."