Injini ya a Lawson ndi masheya a galimoto

Panali munthu wina ku Senga Bay, dzina lawo a Lawson, mwini boti la injini ndi ukonde wa chilimira. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlamu wawo, ndipo ndikuilemba monga anainenera, osathira mchere. Botilo linkadyetsa banja lawo ndi mabanja a alovi asanu ndi atatu amene ankakoka ukondewo.

Tsiku lina padoko panafika bambo wina wotchedwa Blessings, amene ankagona pa loji yapafupi. Anagula chambo osanenerera mtengo. Mawa lake anabweranso. Tsiku lachitatu anakhala pansi n'kuyamba macheza.

"Bwana, maminibasi odzaza msewu wa Khombedza aja mumawaona? Kampani imene imawapanga ili pamsika wa masheya kunja, ndipo ine ndimagwira ntchito ndi mabwana a mkati mwake. Chaka chamawa atulutsa galimoto yatsopano, masheya adzakwera kasanu. Ena mwa mabwanawo akugulitsako masheya awo mwakachetechete kwa anthu ochepa odalirika."

A Lawson anakafotokozera akazi awo, a Edina, amene anali kuyanika usipa pathandala.

"Bambo a Triza, ndifunseko," anatero a Edina. "Mutadziwa kuti mawa usipa udzaza boti, mungagulitse chilimira lero?"

"Ayi."

"Nanga mabwanawo akugulitsiranji ngati akudziwa kuti zikwera? Ndipo dziko lonseli asowa wogula mpaka kudzapeza inu pamchenga pano?"

"Izi si za usipa, amayi. Inu zanu n'zapathandala."

A Edina anaimbira foni mwana wawo Triza, amene amagwira ntchito ya inshuwalansi ku Lilongwe, n'kupatsira bambo ake.

"Ababa, kampani yapamsika sibisa eni ake akuluakulu," anatero Triza. "Mndandanda wawo umasindikizidwa, aliyense atha kuuona. Kawirikawiri masheya ochuluka amakhala ndi mabungwe a penshoni, a inshuwalansi ndi mabanki. Mabwana a mkati amakhala nawo awo, koma akagula kapena kugulitsa amayenera kulengeza. Dikirani ndibwere Loweruka tidzaonere limodzi."

A Lawson atauza Blessings, iye anangoseka. "Ana ophunzira amaopa ndi mthunzi womwe. Ine Lachisanu ndikutseka, bwana. Ku Nkhotakota kuli wina akundichonderera."

Lachinayi a Lawson anamasula injini paboti n'kuigulitsa kwa munthu wa m'tauni ya Salima. Ndalama zonse anapatsa Blessings, iye n'kuwapatsa chikalata chokhuthala, cha mizere yagolide ndi chizindikiro cha galimoto pamwamba.

Loweruka Triza anafika. Anatsegula pafoni mndandanda wa eni kampaniyo n'kuwerengera bambo ake mayina a mabungwe, limodzilimodzi. Anaonanso pamene mabwana a mkati amalengeza zogulitsa. Mwezi wonsewo panalibe amene anagulitsa. Lolemba anaonetsa chikalatacho kwa ogulitsa masheya a chilolezo, ndipo anamuuza kuti n'chabodza. Foni ya Blessings inali yozimitsa, ndipo a pa loji anati anachoka Lachisanu m'mawa. Nkhani inakafika kupolisi, koma munthuyo sanapezekebe.

Boti linakhala pamchenga milungu itatu. Alovi anayamba kufunsira malo m'maboti ena. Mmodzi wa iwo, Sidiki, anapeza a Lawson atakhala pamphepete pa boti.

"Bwana, tamva kuti kampani ya galimoto ndi yanu tsopano. Tikwezeniko mpaka ku Salima."

A Lawson sanaseke. "Ndinakulakwirani, Sidiki. Ndinagulitsa chakudya chanu osakufunsani."

A Edina sanawakumbutse za thandala zija. Anapita kwa amayi anzawo a gulu logula ndi kuyanika usipa, amene ankaoda nsomba za botilo. Amayiwo anakambirana masiku awiri, ndipo wapampando wawo, a Charity, anabwera ndi yankho.

"A Lawson, sitikubwerekani kanthu. Injini tigula limodzi, ndipo ife tikhala eni gawo lake."

Anagula injini yogwirapo kale ntchito. Gawo lalikulu linali la gulu la amayiwo. Sidiki ndi anzake awiri anasonkhanso, ndipo a Lawson anagulitsa mbuzi zawo n'kutenga gawo laling'ono. Triza analemba mayina onse, n'kuwawerenga mokweza padoko anthu akumva. Anagwirizana lamulo limodzi: wofuna kugulitsa gawo lake, kaya ndi mwini boti, ayambe wauza anzake onse.

Tsiku limene anamangirira injiniyo, Sidiki anakoka chingwe katatu, kachinayi inalira. Alovi amene anali atachoka anayamba kubwerera. A Lawson anayang'ana amayi a gulu aja ataima m'mbali, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Kodi ine ndidakali bwana?"

"Panyanja ndinu bwana," anayankha a Charity. "Mukafika kumtunda kuno muzitifotokozera."

Ulendo uno a Lawson anaseka, n'kukwera m'boti.

Phunziro: Masheya si chinthu choipa, koma sagulidwa mwamseri kwa mlendo wofulumizitsa. Funsani kuti eni kampaniyo ndani, onani ngati a mkati alengeza zimene akuchita, ndipo gulani kudzera kwa amene ali ndi chilolezo. Musagulitse chimene chimakudyetsani musanamvere a m'nyumba mwanu. Nkhaniyi tumizirankoni abale ndi anzanu, makamaka amene auzidwa kuti mwayi utseka Lachisanu.