Galimoto Yatsopano ya Malemu Kalin

Nevena adatsika basi ku Sliven kutada kale. Tawuni yachilendo. Mphepo yobaya. M'chikwama mudali envelopu imodzi.

Kalatayo idachokera ku kampani yopanga magalimoto. Inkathokoza mwamuna wake, Kalin Dobrev, chifukwa chogula galimoto yatsopano, n'kumupempha kuti apatse wogulitsayo, wa ku Sliven, malikisi, kuyambira 1 mpaka 10. Koma Kalin adamira mumtsinje wa Danube zaka zinayi zapitazo. Anthu adangopeza bwato. Nevena ankafuna kudziwa chimodzi basi: kodi ali moyo?

Pogulitsira magalimotopo magetsi adali akuyakabe, poti mwezi unkatha tsikulo. Mwini malo, mkulu wina dzina lake Lyuben, adali patebulo ndi mulu wa maenvelopu ofanana ndi yake ija. Ankalemba 10 papepala lililonse.

Atamva nkhaniyo adaseka motopa. Envelopu sadaiyang'ane n'komwe. Adati akampani amasintha malamulo mwezi ndi mwezi. Ukagulitsa magalimoto makumi awiri, bonasi pa onse. Ikaperewera imodzi, suona kanthu. Mwezi wina amawerenga magalimoto a dizilo okha, mwezi wina malikisi a ogula. Iye adaleka kalekale kuwamvetsa. Chiwerengero chikaperewera amangogula yekha, m'mayina a anthu akufa, otola m'mapepala akale a inshuwaransi.

Adamutengera kuseri. Magalimoto ali ndandanda, manambala omata kale, chisanu chitakuta magalasi. Palibe ndi imodzi yomwe idapondapo msewu.

"Akufa ndiwo makasitomala abwino, mayi. Sadandaula," adatero. "Ya amuna anu ili pomwepa. Sankhani mtundu umene ankaukonda."

Nevena adayenda pakati pa magalimotowo. M'galasi lililonse ankaona ngati mwakhala munthu, manja ali pachiwongolero. Atafika kumapeto, mtima udakhala pansi. Kalin adamwaliradi. Sadamuthawe.

Basi yobwerera idali ya m'mawa. Adagona pasofa ya makasitomala atafunda jekete. Aka kadali koyamba kupeza tulo chilandirireni kalatayo.

Kutacha, Lyuben adamupatsa khofi n'kumuperekeza pageti. Nevena adatulutsa envelopu ija.

"Lembaninso 10 pamenepa, bambo. Ine ndilibe nayo ntchito."

Lyuben adaitembenuza. Adawerenga adilesi kawiri. Nkhope idasintha.

"Mayi, makalata a akufa anga onse amabwera kuno. Ndimalemba adilesi yanga kuti malikisi ndizidzipatsa ndekha. Iyi ndi yakwanu. Amene adalemba adilesiyi adabwera yekha, adalipira, n'kuchoka nayo galimoto."

Basi idaliza hutala pakona. Nevena adalanda envelopuyo n'kukwera.