Khoma la Don Evaristo

"Ligwetseni lero lomwe! Alendo odzaona malo akayamba kubwera, ine sindingagulitse zakudya zanga za matamale pansi pa khoma lopotokali," anatero Doña Leocadia, akupatsira mwamuna wake hamala.

Khomalo Don Evaristo analimanga yekha chaka cha ukwati wawo, ataledzera, ndipo Leocadia ankadana nalo koopsa. Leocadia yemweyo ndiye anatsogolera amayi anzake kukapempha khonsolo kuti dera lawo lilowe m'chigawo cha nyumba zakale zotetezedwa. Pempholo linali litangovomerezedwa.

Evaristo atangokweza hamala, mayi wina wa ku khonsolo anatulukira akuthamanga.

"Imani, bambo! Kuno masiku ano sitigumula chisawawa." Anasisita khomalo mwachikondi. "Taonani kupindika kwake. Luso lotere linapita ndi amisiri akale."

"Akale ati? Mmisiri wake ndi chidakwa chili apachi!" anakalipa Leocadia.

"Aliyense wofuna kugumula amatero, mayi. Mukangochotsapo njerwa imodzi, mukayankha kukhoti."

Evaristo anaika hamala pansi, n'kukhala pamthunzi wa khoma lake.

"Leocadia," anatero akuwongola miyendo, "paja unkati ndidzafa osasiya kanthu?"