Ambulera ya Wapolisi

"Dzina lanu likupezeka ka 43 m'mabuku athu," anatero wapolisi Kuwabara ataima pakhomo, ambulera yake ikudontha. "Kompyuta yathu yolosera umbanda ikuti muba posachedwapa."

Bambo Shimoda, omwe amasesa pasiteshoni ya sitima, anamuyang'ana osaphethira.

"Ka 43 konseko ndimabweretsa zinthu zotola. Makiyi, zipewa, mano oikirira a gogo aja. Si inu nomwe mumandisainitsa?"

"Ndikudziwa, bambo. Koma kompyuta imangowerenga mayina, siifunsa chimene munthu anabwerera. Ndizibwera Lachiwiri lililonse kudzakuonani."

"Anebatu akusuzumira."

"Pepani kwambiri." Kuwabara anawerama mwaulemu n'kumapita. Mvula inali itasiya, ndiye ambulera ija anaiiwala pakhomo.

Bambo Shimoda anaitola, n'kuvala nsapato kuti akaipereke kupolisi monga mwa nthawi zonse. Atafika pageti anaima. Akakaipereka, dzina lawo lilembedwa ka 44.

Anabwerera, n'kuibisa kuseri kwa kabati.

Lachiwiri, Kuwabara anafunsa ngati anaionako ambulera yake.

"Ayi, sindinaione," anatero Bambo Shimoda, uku akumuthirira tiyi.