Mwala Wogwa Kumwamba

Nkhalamba ina inaima pakhomo la chipinda choyezera dothi, chipewa chili m'manja, kanthu kokulunga m'chiguduli itapanira m'khwapa. Wyson Nakhumwa sanaipatse mpando. Iye anali ataphunzira zaka zitatu ku Mangalande, ndipo pa esiteti yonse ya tiyi panalibe wina wodziwa kuyendetsa makina oyeza zinthu ndi kuwala. Wyson analibe nawo nthawi anthu a m'malaini, m'nyumba za antchito wamba, ngakhale mchombo wake unagwera m'malaini momwemo, ku Limbuli.

"Ndine Alufeyo, bwana. Mwala uwu wagwa kuchokera kumwamba uli wamoto. Pang'onong'ono undiphwanye mutu. Ndati muuone inu odziwa, chifukwa..."

Chichewa chitawathera, a Alufeyo analowa m'Chilomwe. Wyson anawadula pakamwa.

"Muno sitiyankhula zakumudzi. Ikani patebulopo, muzipita."

A Alufeyo atachoka, Wyson anatsegula zenera kuti fungo la utsi ndi thukuta lituluke. Anthu awa! Sopo samudziwa, koma akufuna kuphunzitsa munthu wa sukulu zakuthambo. Chigudulicho anachifunyulula ndi nsonga ya pensulo kuti apeze choseketsa anzake. Mwalawo unali wakuda kunja, wonyezimira ngati wasungunukapo, mkati wotuwa.

Anabenthula kachidutswa, n'kukapera, n'kusakaniza ufawo ndi mchere wa m'botolo, n'kuupsinja mpaka unakhala kabatani koonekera kuseri. Kuwala kutadutsa pakabatanipo, cholembera cha makina chinayamba kujambula mzere wokwera ndi kutsika. Wyson ankayembekeza mano awiri ogundizana, chizindikiro cha kwatsi, mchenga wamba wa mumtsinje wa Ruo. Manowo panalibe.

Anayezanso. Anatsegula buku. Mzerewo unali wa tiridimaiti ndi kiristobalaiti: mchenga womwewo, koma wophikidwa pamoto woopsa mpaka kusintha mpangidwe. M'phiri la Mulanje zimenezi Wyson anali asanazionepo, koma bukulo linati zimapezeka m'miyala ina yogwa kuthambo.

Ndiye kuti nkhalamba yauve ija inatola chuma osadziwa kanthu! Chinthu chotere chikanathera pamafuwa, kapena kupsinjira denga. Masana omwewo analemba kalata kwa akatswiri a miyala ku Zomba, ndipo pa dzina la wopeza mwala analemba lake. Kenako anakauza atcheyamani a chipani a m'deralo. Iwo sanachedwe kugamula: mwalawo ukaperekedwa pamsonkhano waukulu wa chipani ngati mphatso ya anthu a ku Mulanje. Uthenga unapita kwa akuluakulu tsiku lomwelo.

Lachisanu chipinda chinadzaza. Panali atcheyamani, mzungu woyang'anira esiteti, ndi wojambula zithunzi wa nyuzi. Panja amayi ovala nsalu zachipani ankaimba. Wyson, tayi ili pakhosi, anakweza pepala la mzere lija. Ankayankhula pang'onopang'ono ngati kwa ana a sitandade wani, poti pagulu lonselo ndani akanamva?

"Makina sanama," anatero. "Moto wophika mwala chotere simungaupeze m'makhitchini mwanu."

Pakhomo panalira gudumu losowa girizi. Anali a Alufeyo, akuda bii ngati tsiku lija, akukankha wilibala yovindikira ndi thumba.

"Achotseni awo!" Wyson anakalipira mlonda. "Makala sitigula kuno."

Koma nkhalambayo inali itavundukula kale thumba. M'wilibalamo munali miyala ina, yakuda kunja, yotuwa mkati, ina ikufukabe nthunzi. Atcheyamani anaomba m'manja.

"Inanso yagwa? Mulanje wadalitsika! Mwaitola kuti, akulu?"

"Kuntchito kwanga, bwana. Ine ndimasonkhezera ng'anjo youmitsira tiyi kufakitale, ndipo denga lake likugumuka. Njerwa imodzi ndinawapatsa abwanawa Lolemba kuti aione, sanandiyankhe. Izi ndi zinzake, zagwa m'mawa uno."