Kwa a Filipo Kwati Zii

Tereza atabwera ku mjigo anatula ndowa pakhonde, n'kuima chilili. M'nyumba ya apongozi ake munali zii.

Chiyambire mvula, m'nyumbamo simunakhalepo chete. Khansa inali itawalowa a Filipo, apongozi akewo, m'mafupa, ndipo kubuula kwawo kunkamveka mpaka kumsewu wopita ku Msakambewa. Ana a pakhomopo anachita kuzolowera kugona atafunda kumutu. Koma m'mawa umenewu zinkamveka ndi nkhuku zokha.

"Odi, bambo?"

Chitseko chinali chotseka. Anagogoda, anaitananso. Palibe anayankha.

Anakhala pansi pomwepo.

Dzulo lake kunabwera a Susana, namwino wosamalira odwala khansa, amene ankayendera midzi ya m'mapirimo pa njinga yamoto. Anakhala pamphasa ndi a Filipo nthawi yaitali, kuwafunsa pamene pankawawa, kuwatembenuza mosamala, kuwapaka mafuta kumsana. Kenako anatulutsa botolo la mankhwala amadzi obiriwira. Anati ndi morofini, wopha ululu, woyezera m'kasirinji kopanda singano.

Mwamuna wa Tereza anali ku maliro ku Kasakula. Mlamu wa Tereza, Peggy, mwana woyamba wa a Filipo, anakaniratu kukhudza botololo.

"Amenewo amapatsa munthu amene madokotala amutaya," anatero Peggy, namwino atangochoka. "Akamwa, basi. Ine manja anga ayi."

Motero anali Tereza amene anagwada pakhomo madzulo, n'kuwamwetsa apongozi ake. Namwino anati pogona muyezo ukhale wowirikiza kuti munthu apeze tulo. Kapena sanatero? Mwina anati theka? Tereza anayesa kuwakumbukira mawuwo, koma akawatembenuza uku amamveka mwina, akawatembenuza uko amamveka mwinanso.

Iye pamudzipo anali mtengwa. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ndipo panalibe mbale wake ngakhale mmodzi womuimira pabwalo. Anaona kale mmene zikhalire. Amayi adzanong'onezana pasiwa. Amalume a mwamuna wake adzafunsa kuti anawamwetsa ndani. Peggy sadzafunikanso kulankhula, adzangomuloza ndi mlomo. Nanga ana? Adzamulola kupita nawo?

Kuchipinda kwa apongozi aamuna anali asanaloweko yekha chikwatiwire. Lero sunali ulemu wokha umene unkamuletsa. Ankaopa chimene akachione pamphasapo.

Anamasula foni pamfundo ya chitenje. Anaimbira a Susana.

"Anamwino, bwerani. Bambo sakuyankha."

"Ndili kale m'njira, ndadutsa pamlatho. Akupuma?"

"Sindinalowe."

"Musachoke pamenepo. Ndikufika."

Dzuwa linakwera. Chifunga chinayamba kuchoka m'zigwa. Tereza anatenga botolo lija m'nyumba mwake, n'kuliyang'anitsa poyera. Mankhwala anaoneka ngati atsika kwambiri. Maganizo anamubwerera oti akalitaye kuchimbudzi, kapena athiremo madzi kuti lidzadze. Anachita manyazi ndi maganizo akewo, koma botololo analibisabe m'chitenje.

Peggy anatulukira ndi tsache m'manja. Anatchera khutu kunyumba ya bambo ake, kenako anayang'ana Tereza.

"Alamu, bwanji bambo sakumveka?"

Tereza anafumbata botolo lija m'chitenje mwake.

"Munawamwetsa?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Tsache linagwa. Peggy anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, maso ali pachitseko, osayerekeza n'komwe kuchiyandikira.

"Ndinanena ine," ananong'ona. "Ndinanena."

Njinga yamoto inamveka ikukwera chitunda. A Susana anatsika, nsapato zili matope okhaokha, chikwama chili paphewa. Sanathamangire kuchitseko. Anayamba agwada pamaso pa Tereza.

"Ndionetseni mmene munayezera."

Tereza anatulutsa botolo, n'kuloza mzere pakasirinji. Namwino anayang'ana mzerewo, anayang'ana botolo.

"Ndi pomwepa pamene ndinakuuzani. Simunalakwitse." Anatembenukira kwa Peggy. "Mayi, mankhwala awa ndinabweretsa ndine. Ngati pali funso, likhale langa."

Mawuwo sanamufike Tereza pamtima. Kulakwitsa kaya kusalakwitsa, dzanja linali lake.

"Tiyeni, tilowa limodzi," anatero a Susana, n'kumugwira pamkono. "Chilichonse chimene tikapeze, simukhala nokha."

Anadzuka. Akazi awiri a nyumba zoyandikana anali ataima kale kumphepete kwa bwalo, manja atapinda pachifuwa. Namwino anakankha chitseko. Chinalira. Tereza anatsinzina.

Peggy sanadikirenso. Anaika manja kumutu n'kuyamba mfuu wa maliro. "Bambo anga ine! Mayo, bambo anga!" Akazi aja anaulandira.

Tereza anamva dzanja la namwino likumufinya. Anatsegula maso pang'ono. Pamphasa panalibe munthu. Bulangeti linali lopindidwa bwinobwino.

Kunja kulira kunaduka mwadzidzidzi.

A Filipo ankakwera kuchokera kuchigafa cha fodya kumunsi kwa chimanga, akutsamira ndodo, dzanja lina atanyamula masamba osoka kumene. "Munthu wagona tulo koyamba chaka chino, wati akaone fodya wake," anatero ali wefuwefu. "Nanga wamwalira ndani?"